Akakuuzani kuti ndi dizilo woipa, auzeni alembe papepala

Akulu, musanyamuke kupita nayo ku Lusaka musanajambule pa foni nyale yachikasu yochenjeza za vuto la injini, pamodzi ndi makilomita amene akuoneka pa dashboard. Ndangowerenga zoti motoka yanu sinathe n'komwe miyezi itatu chigulireni koma ikutha mphamvu pa chitunda, ndipo ogulitsa akungoti "bweretsani tione", mtima wanga wayambanso kuwawa. Mawu amenewo ndikuwadziwa. Chotsatira adzakuuzani kuti munathira dizilo woipa. Dikirani muone.

Yanga ndi double cab ya dizilo, ndinaitenga mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndalama zake sizinali zotola: soya, ng'ombe zina zinapita, kuwonjezera ngongole ya ku banki yomwe amadula mwezi ndi mwezi kaya motoka ikuyenda kaya yagona pa galaja. Tsiku logula anandiphikira tiyi, riboni pa boneti, chithunzi, ndipo mnyamata wogulitsayo anandilembera nambala yake n'kunena kuti ngakhale pakati pa usiku ndiimbe. Warranty zaka zitatu kapena makilomita 100,000, zolembedwa m'kabuku.

Vuto linayambira pa msewu wa ku Lundazi. Ukaponda kuti upitirire lole, nyale n'kuyaka, injini n'kufooka pomwepo, ngakhale uponde mpaka pansi siikwera. Amakaniko amati limp mode: kompyuta ya injini ikaona china chalakwika imachepetsa mphamvu dala kuti injini isawonongeke. Ukazimitsa n'kulizanso, imayenda bwinobwino. Ndiye ukamawafotokozera pa foni amakumvera ngati ukuwonjeza nkhani. Kuno ku Chipata ogulitsawo analibe galaja yawo yogwira za warranty, anati mpaka Lusaka. Makilomita pafupifupi 570 pa Great East, mafuta ako, ma toll gate ako, kogona kwako, ntchito ya kumunda yaima. Iwo amadziwa bwino kuti munthu wa ku Chipata sangabwere mawa lililonse kudzagogoda pa ofesi, ndipo mtunda umenewo ndiwo amadalira.

Ulendo woyamba anaibweza akuti sanapeze vuto. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anangolumikiza makina, n'kufufuta code (nambala ya vuto imene kompyuta ya injini imasunga), n'kuitsuka bwino. Itayambanso anaisunga nthawi yaitali. Ukaimba, amene akudziwa za motoka yako ali mu miting'i. Ukaimbanso wapita ku lanchi. Wogulitsa uja wa tiyi anayamba kunena kuti iye ndi wa sales, za workshop sizimukhudza. Kenako anandiitana kuti zatheka, asintha filter ya mafuta ndipo akonza za mu kompyuta, ndibwere ndidzatenge.

Ndinapezerapo mwayi wotenga apongozi anga aakazi omwe anali ku Lusaka kukaonetsa bala la opaleshoni, pamodzi ndi akazi anga ndi mwana wakhanda. Munali mu October. Tinawoloka Luangwa Bridge dzuwa litangolowa, kutentha kwa m'chigwa muja mukukudziwa. Tikukwera mapiri aja tisanafike pa Kacholola, kutsogolo kunali lole yolemera ikukwawa. Msewu unali woyera, ndinapatuka kuti ndiipitirire. Ndili pakati pa loleyo, nyale ija ngwee, mphamvu zii. Kutsogolo pa kona kunatulukira magetsi a basi. Sindingapite patsogolo, loleyo ili kumanzere kwanga, ndinaponda buleki n'kubwerera kumbuyo kwake basi ikuliza hutala, mphepo yake inagwedeza motoka yonse. Tisanapume n'komwe injini inazimiratu. Chiwongolero chinauma, buleki nditaponda kachiwiri inalimba gwa, motoka n'kuyamba kubwerera chambuyo pa chitunda. Ndinakoka handbrake ndi manja awiri.

Tinaima pa kona, matayala awiri ali pa tala chifukwa kumbali kunalibe malo. Ndinaika ma triangle, ndinathyola nthambi n'kuyala mumsewu. Mdima bii. Netiweki palibe. Mwana akulira ndi kutentha, mawindo sitingatseke, udzudzu ukulowa. Akazi anga anakwera kachitunda wapansi foni ili m'mwamba kufunafuna netiweki, ine ndikuimika malole ndi tochi ya pa foni kuti angatiwombe kumbuyo. Apongozi sananene kalikonse, anangogwira pa bala paja n'kumapemphera chamumtima, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kuposa zonse, poti ndine ndinawauza kuti asakwere basi, motoka yatsopano ilipo. Netiweki itagwira pang'ono tinaimbira mnyamata wa "pakati pa usiku" uja. Inalira mpaka kuduka. Nambala yothandiza pamsewu yomwe ili pa sitika ya pa galasi, palibe woyankha.

Amene anatipulumutsa ndi dalaivala wa lole yopita ku Mwami, munthu amene sindimudziwa ngakhale dzina. Anaima patsogolo, anabwera ndi tochi, anatsegula boneti n'kuyamba kudinikiza kapampu ka pamwamba pa filter ndi chikhatho. Poyamba kanali kofewa, kenako kanalimba. Anati lizani. Inalira. Anapukuta manja n'kunena kuti, "Bwana, iyi ikumwa mphepo, muziima n'kupopa." Tinayenda choncho pang'onopang'ono, kuima n'kupopa, mpaka pa Nyimba, kumene tinagona m'motoka pa filling station.

M'mawa nditawapeza ogulitsa aja pa foni, palibe anafunsa ngati tili moyo. Funso loyamba linali lakuti mafuta munathira kuti. Anaikoka pa breakdown ya ndalama zanga, ndipo quotation itabwera inali ya ma injector (tizipangizo topopera mafuta mu injini) onse anayi, pampu, ndi kutsuka thanki, pansi pake atalemba kuti warranty siikhudza chifukwa mafuta anali oipa. Ine malisiti onse ndinali nawo, sindinathirepo dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ngakhale kamodzi. Nditapempha umboni, foromani analowa kuseri n'kubwera ndi botolo la madzi akumwa muli dizilo wakuda, lopanda chizindikiro, lopanda tsiku, lopanda nambala ya motoka. Ndinamufunsa kuti ndidziwa bwanji kuti achokera m'thanki yanga. Anati ndiwakhulupirire. Munthu amene anandibwezera motoka yodwala n'kunena kuti yachira, ndimukhulupirirenso pa botolo? Anthu awa alibe chisoni. Amaona Mchewa wovala jombo za kumunda n'kuganiza kuti sadziwa kuwerenga kabuku ka warranty.

Sindikukana kuti madzi kapena zinyalala m'dizilo zimapha injini za masiku ano. Common rail, njira imene injini zimenezi zimaperekera dizilo ku ma injector, imakankha mafuta pa mphamvu yopitirira 1,500 bar, kadontho ka madzi kamadya injector. Koma zimenezo zimafuna umboni, kuyeza ndi pepala, osati pakamwa. Ndipo nyimbo yakuti dizilo wa ku Zambia ndi woipa njakale. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam ikubweretsa dizilo wa low sulphur woyengeratu, ndipo ERB, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, ndiyo imayang'anira ubwino wa mafuta pa ma filling station. Ngati akuti mafuta ndi oipa, anene achokera pa siteshoni iti, tikadandaule limodzi ku ERB. Mukawauza choncho mudzaona akusintha nkhani.

Ndinakana kusaina, ndinaibweretsa kuno. Pali mdala wina wa makaniko cha ku Kapata amene wakhala akugwira ma dizilo kuyambira kale. Mwana wake analumikiza kamakina kotchipa kowerengera code kotchedwa OBD, code inatuluka P0087, kutanthauza kuti mphamvu ya mafuta mu rail, paipi yogawira mafuta ku ma injector, yatsika. Nditamuuza mawu a dalaivala uja, mdalayo sanalankhule zambiri. Anachotsa paipi yochokera pa filter kupita ku pampu, anaikapo kapaipi koonekera mkati, n'kuti lizani, pondani. Tonse tinawerama kuyang'ana. Injini ikulira pang'onopang'ono mafuta amadutsa oyera. Nditaponda, tithovu tating'onoting'ono tinayamba kuthamanga m'kapaipimo, mzere wosaduka. Anapukuta chivindikiro cha filter, chomwe chili ndi kapampu kaja, anawalitsa tochi, n'kundionetsa ndi chikhadabo kamng'alu kopyapyala pafupi ndi polowera paipi. Mafuta satuluka pamenepo chifukwa mbali imeneyo pampu imayamwa, ndiye m'malo motaya dizilo imakoka mphepo. Pa chitunda injini ikafuna mafuta ambiri, mphepo imachuluka, mphamvu mu rail imagwa, kompyuta n'kudula. A ku galaja ya ku Lusaka aja anasintha filter yamkati n'kubwezerapo chivindikiro chong'aluka chomwecho. Ma injector analibe vuto lililonse. Ndinajambula vidiyo, mdala anabwezera paipi yawo mmene inalili.

Ndinalemba kalata kwa manijala wamkulu, kope n'kupereka ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa kugulitsa katundu wolakwika kapena wosagwira ntchito imene anamugulira, ndipo wogula ali ndi ufulu wobwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa katunduyo. Limaletsanso zikwangwani zija zokana kubweza katundu. Kudandaula kumeneko sulipira. Kalata itafika, mawu awo pa foni anafewa, koma chochita panalibe. Chimene chinatsegula chitseko ndi Loweruka lina m'mawa pamene ndinalowa mu showroom muli makasitomala, ndinaika foni pa tebulo vidiyo ya tithovu ikusewera, n'kufotokoza mokweza mawu za usiku wa pa Kacholola. Bambo wina amene amayang'ana motoka yofanana ndi yanga anabwera kudzaonera. Manijala amene amakhala mu miting'i nthawi zonse anatuluka nthawi yomweyo. Chivindikirocho anasintha pa warranty, kachinthu kokwana m'dzanja limodzi. Za breakdown, mafuta, kogona, palibe ngwee imene anabweza, ngakhale pepani sanandiuze.

Tsono inu akulu, chitani zinthu mwaulemu ndi mwa pepala, musakalipe, chifukwa mukakalipa amapezerapo ponamizira kuti ndinu wovuta. Chilichonse chimene mwagwirizana pa foni, tumizani uthenga pa WhatsApp kapena imelo wobwereza zomwezo kuti tsiku lioneke. Posiya motoka musachoke opanda kope la job card, ndipo muwerenge zimene alemba. Ngati mwanena kuti imatha mphamvu pa chitunda, alembe zomwezo, asalembe "general check". Pakhale tsiku, makilomita ndi mlingo wa mafuta. Izi n'zofunika chifukwa vuto limene linalembedwa warranty isanathe amayenera kulimaliza, koma ngati palibe pepala adzati mwabwera nalo lero. Auzeni asafufute code musanaione, akupatseni yosindikiza pamodzi ndi freeze frame, imene imaonetsa liwiro ndi mmene injini inalili nyale ikuyaka. Akafuna kutapa mafuta m'thanki, atape inu mulipo, mabotolo awiri, amate, nonse musaine, limodzi mutenge. Chimene asintha, akuonetseni chakale.

Ndipo musatengere zimene ndinachita ine ku Kapata, musalole makaniko wakunja kumasula ngakhale nati imodzi. Akangoona chizindikiro cha sipanala amakana warranty yonse, ndipo pamenepo ngakhale CCPC ivutika kukuthandizani. Sevisi yoyamba ipangidwe kwa iwo pa makilomita olembedwa m'kabuku, adinde. Komabe musapite osadziwa chimene chikudwala. Pezani munthu wa makina angowerenga code osafufuta, kulumikiza pansi pa chiwongolero sikumasula kanthu. Mukafika muli ndi nambala ya code m'manja amakulankhulani mosiyana.

Amene akulemba kuti bwenzi mutangoitanitsa ya ku Japan yodzera pa Nakonde, siyani kumuwonjezera munthu chisoni. Ya ku Japan ikafa gearbox mulibe wokamugwira, mnzathuyu ali ndi pepala ndipo ali ndi ufulu. Ena akuti inshuwalansi ilipira. Comprehensive ndi ya ngozi, kuba ndi moto, ya kuwonongeka kwa injini siilipira. Banki nayonso musasiye kulipira pokwiya, iwo za galaja sizikuwakhudza, adzangokulandani motoka muli pakati pa mlandu.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri, musaiyendetse kupita ku Lusaka ili choncho, makamaka usiku, makamaka muli ndi ana. Pakati pa Nyimba ndi Luangwa Bridge mpaka kukafika ku Rufunsa ndi mapiri ndi makona okhaokha, ndipo motoka yotha mphamvu imathera pomwe mukupitirira lole. Alembereni kuti atumize breakdown yawo kapena makaniko wawo abwere ndi makina kuno ku Chipata, popeza motoka ili pa warranty. Akakana, akane polemba, kalata imeneyo muiphatikize ku dandaulo la ku CCPC. Mawa m'mawa musanalize, tsegulani boneti mudinikize kapampu ka pa filter ngati yanu ili nako, mumve ngati kali kofewa. Code ikatuluka ilembeni pano ndi makilomita ake, tione ngati ndi P0087 yomweyo.