Kampasi sikunama achimwene, akuba njira ndi madzi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji bwato la thanga limaloza kummawa tsiku lonse koma n'kukakocheza kwina, kodi kampasi imanama? Ayi. Kampasi imangokuuzani kumene mutu wa bwato waloza, ndiye heading imeneyo. Njira imene bwato ladutsa zenizeni, mukaijambula pa mapu, ndiyo course over ground. Ziwirizi zimasiyana chifukwa madzi amene bwato lakhalapo nawonso ali pa ulendo wawo.

Ife a kuno ku Kasungu tilibe nyanja, koma Bua tili naye. Ndinawolokapo pa bwato mwezi wa February, mtsinje utadzaza, madzi ali chiphwirikiti. Bambo wopalasa sanaloze pa doko la tsidya. Analoza mtengo wa mkuyu umene unali kumtunda, kutali ndi doko, ine mtima phaa, kuganiza kuti asokonezeka. Bwato linkayenda chammbali ngati nkhanu, mpaka linakagunda padoko penipeni. Akanaloza doko lenilenilo, bwenzi titakathera m'mabango kumunsi.

Panyanja zaikulu ndi chimodzimodzi, kungoti kulibe mkuyu woti muuyang'ane. Tinene kuti bwato likuthamanga ma knot 5 kulowera kummawa, ndipo madzi akukokera kummwera ndi ma knot 2. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Pakatha ola limodzi, mwatsetsereka kale makilomita 3.7 kummwera, kampasi ikadali phee pa kummawa. Pakatha maola khumi ndi makilomita 37, doko mwaliphonya kalekale. Kuti mufike pamene mukufuna, mukhotetse mutu madigiri pafupifupi 24 chakumpoto, ndipo muvomere kuti liwiro lopita kutsogolo litsika kufika pa ma knot 4.6. Bwato likamachedwa, madzi amalibera njira kwambiri, n'chifukwa chake mphepo ikaleka wa thanga amada nkhawa kuposa wa injini.

Mphepo nayo imakankhira bwato chammbali, makamaka mukamalimbana nayo. Asodzi a ku Nkhotakota amazidziwa bwino izi nyengo ya mwera.

Madzi ena ndi oopsa. Kugombe la kummawa kwa South Africa kuli Agulhas, madzi amene amatsikira kummwera chakumadzulo, malo ena kupitirira ma knot 4. Mu December 1497 zombo za Vasco da Gama, woyenda panyanja wa ku Portugal, zinawaona: amalinyero ankayesa akupita patsogolo, kenako anangozindikira kuti abwerera pa kachilumba kamene anali atakadutsa kale.

Masiku ano GPS imaonetsa njira yeniyeni, ndiye mumangoyerekeza ndi kampasi n'kuona kusiyana kwake. Koma batire likatha, yang'anani zinthu ziwiri kumtunda, monga mtengo ndi phiri la kuseri kwake. Zikamakhalabe pa mzere umodzi, muli m'njira. Zikayamba kutayana, madzi akukutengani, khotetsani mutu kumene akuchokera.