Tifunseni: Kukacheza ku paki yaikulu ndi m'bale woyenda pa njinga ya olumala

FUNSO: Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atiitana ine ndi amayi kuti tikadye nawo Khirisimasi, ndipo akuti akatitengera ku Gold Reef City, paki yaikulu ya zosangalatsa, pamodzi ndi ana awo. Amayi anachita sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja sizigwira bwino, moti amayenda pa njinga ya olumala. Tikayenda nawo bwanji malo aakulu chonchi? Kapena angotsala pakhomo? (Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu)

YANKHO: Asatsale, achemwali, pokhapokha atakana eni ake. Gold Reef City inamangidwa pamalo pamene panali mgodi wa golide, ndipo kupatula zokwera zothamanga ngati Anaconda, muli nyumba zoonetsa moyo wa pamgodi, malo odyera ndi zina zoti munthu n'kuonera ali chikhalire. Chimene chimaononga ulendo wotere kawirikawiri si zokwerazo ayi, koma njinga yosakonzedwa ndi thupi la munthu amene wakhala pansi tsiku lonse.

Njinga ikonzedwe musananyamuke. Popani matayala mpaka pamlingo wolembedwa m'mbali mwa tayalalo. Tayala lofewa limalemetsa wokankha, komanso limapha mabuleki, chifukwa buleki ya njinga zimenezi imagwira pofinya tayala. Timatayala takutsogolo timakola ulusi ndi tsitsi pa akiselo mpaka njinga kumakokera mbali imodzi. Masulani, chotsani, donthezani mafuta. M'chikwama mukhale pampu, mapachi, guluu, sipanala ndi ma Allen key (tizitsulo tomasulira mabawuti). Koma chikwama cholemera musachikoleke pa zogwirira zakumbuyo, chifukwa pokwera chitunda njinga imatha kugadabukira chagada.

Achimwene ayimbire foni ku pakiko tsiku lisanafike. Afunse poimika galimoto pa anthu aulumali, pamene pali zimbudzi zolowa njinga, zokwera zimene amayi angaloledwe, ndiponso ngati pali tikiti yotsikirapo mtengo ya munthu amene sakwera. Mu Disembala sukulu zimakhala zitatsekera, anthu amadzaza, ndipo mvula ya ku Johannesburg imakonda kugwa chakumadzulo ndi ziphaliwali, zokwera zambiri n'kuimitsidwa. Choncho fikani geti likamatsegulidwa, mutenge mapu, muzungulire mbali imodzi osabwerera m'mbuyo. Zoti muone zazikulu zitatu kapena zinayi zakwana. Ana akafuna zambiri, wamkulu mmodzi apite nawo, wina atsale ndi amayi pamthunzi.

Pakukankha m'pamene ambiri amalakwitsa. Mukafika pa sitepe yaing'ono, musaigunde ndi timatayala takutsogolo, amayi angagwe chafufumimba. Pondani kachitsulo kali m'munsi kumbuyo kwa njinga, timatayalato tinyamuke, tiikeni pamwamba, kenako kankhani matayala aakulu. Potsika sitepe kapena chitsetso chachikulu, tembenukani mutsike chambuyo, thupi lanu likhale kumunsi. Njanji ndi tingalande ta madzi muzidutse mozidula molunjika, osati cham'mbali, chifukwa m'menemo ndi mmene katayala kamatitimira. Mukaima paliponse, ngakhale kuti mujambule chithunzi, mangani mabuleki onse awiri. Ndipo muziwauza amayi musanawapendeketse. Munthu amene sakuona womukankha amadzidzimuka.

Mkono wofookawo uikeni pa kapilo pamiyendo, kuopa kuti zala zingalowe m'masipoko iwo osamva. Phazi lofooka limaterereka pa chopondera n'kumakhula pansi, ndiye limangeni mosathina ndi kansalu. Powasamutsira pa mpando wina, ikani njinga moti asunthire cha kumanzere, kumene kuli mphamvu, mangani mabuleki, pindani zopondera, agwireni m'chiuno. Musawakoke mkono wakumanja kapena kuwanyamulira m'khwapa: phewa la munthu wa sitiroko limagweduka mosavuta ndipo ululu wake umatenga miyezi.

Za khungu musazione mopepuka. Munthu akakhala malo amodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamafupa a m'matako ndipo chilonda chimayambira mkati. Akhalire khushoni yeniyeni, osati chitenje chopinda. Pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse aweramire kutsogolo kapena apendekere mbali kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Madzulo muone khungulo: pamene pada, patentha kapena palimba kuposa pena, asakhalirepo mpaka pabwerere. Madzi azimwa. Achikulire ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa ana ndi za kuchimbudzi, ndiye apititseni pa maola awiri kapena atatu alionse osadikira kuti apemphe. Mankhwala a BP akhale m'manja mwanu, osati m'galimoto.

Zokwera zothamanga, zozondoka ndi zogwetsa anthu kuchokera m'mwamba aziwonere patali. Pakhomo pa zokwera zotere pamalembedwa chenjezo kwa odwala mtima, BP ndi msana, ndipo zimafuna munthu wotha kudzigwirira ndi manja onse awiri. Zoyenda pang'onopang'ono angakwere ngati dokotala wavomera, koma dziwani kuti owanyamula ndinu nomwe. Ogwira ntchito m'mapaki ambiri saloledwa kunyamula alendo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 14 amayendera njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Azakhali ake akufuna akaone nsomba ku uShaka Marine World ku Durban. Tiitenge yomweyi? (Bambo wa ku Linthipe, Dedza)

YANKHO: Ayi bambo, isiyeni. Njinga imeneyo ndi yabwino pa msewu wafumbi wopita kusukulu kapena kumsika, koma ndi yaitali, siipindika, ndipo siikhota m'mizere ya anthu, m'chikepe kapena m'chimbudzi. Pezani yopinda ya matayala anayi, yoti mwanayo akakhala m'mbali mutsale mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri. Yaikulu kwambiri imamupendeketsa msana. Funsani a fiziyo pachipatala cha boma ku Dedza kapena a bungwe la MAP, lothandiza anthu aulumali, kuti amuyeze. Aiyeserere kwa sabata ziwiri asananyamuke, chifukwa kupalasa matayala m'mbali kumagwiritsa ntchito mapewa mosiyana ndi mmene anazolowera, ndipo mumugulire magolovesi kuti asatuluke matuza. Pamene pali anthu ambiri pagalasi loonera nsomba, pemphani malo kutsogolo. Wokhala pansi amangoona misana ya anthu. Ndipo mnyamata wa msinkhu umenewu musamangomukankha, mufunseni kaye.

FUNSO: Nanga njingayo pa ulendo wopita ku Joni imayenda bwanji? (Wowerenga wa ku Tsangano)

YANKHO: Pa ndege imalowa ku katundu, ndipo makampani ambiri sailipiritsa. Auzeni pogula tikiti, kapena kusanatsale maola 48, kuti akonze wokuthandizani ku Lumbadzi kapena ku Chileka komanso ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni. Chotsani khushoni ndi zopondera mulowe nazo m'ndege, chifukwa ndi zimene zimasowa, ndipo ijambuleni njingayo musanaipereke kuti mukhale ndi umboni ikaphwanyika. Ndege yosaima panjira imatenga maola osapitirira atatu. Basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imadya tsiku ndi usiku n'kupitirira, masitepe ake ndi aatali, ndipo pachipata chilichonse anthu amatsika kukadinditsa mapasipoti. Kwa munthu amene satha kudzisuntha yekha pampando, ulendo umenewo ungamusiyire chilonda asanafike n'komwe. Ngati ndalama ya ndege ikukwanira anthu awiri okha, akwere wodwalayo ndi womusamalira, ena onse adzere pa basi.