Tsabola wopita ku Chipata: mapepala, chinyezi ndi nkhuku

Achemwali, mwafunsa kuti geni yopititsa tsabola wouma ku Zambia imayenda bwanji, komanso ngati makoswe sangakuthereni katundu musananyamuke.

Za mapepala n'zachidule. Tsabola ndi mbewu, ndiye pamafunika chikalata chotsimikiza kuti alibe matenda. Ife a ku Lilongwe kuno timakachitenga ku Chitedze, panjira ya ku Mchinji pomwepo. A ku Zambia nawo amafuna chilolezo chawo cholowetsera mbewu. Pachipata cha Mwami pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Funsani kaye ngati wanuyo ali pamndandanda wake musanalipire galimoto. Njira zamadulira zisiyeni, akakugwirani thumba lonse lapita.

Ndalama sizithera pachipata ayi, zimathera poyanika. Ndipo makoswe mukuwaopawo si vuto. Khoswe akangolawa kambuzi amathawa. Akuba enieni ndi nkhuku ndi mbalame: mukayala pamkeka n'kulowa m'nyumba, mupeza zikujompha ngati mapira.

Chifukwa chake anandifotokozera mphwanga amene akuphunzira za ziweto ku Bunda. Matumbo a nyama ali ndi minyewa yawoyawo, ndipo minyewayo imatumizirana uthenga ndi timankhwala totchedwa neuropeptide. Kena mwa ito ndi substance P, kamene Ulf von Euler ndi John Gaddum anakapeza mu 1931 m'matumbo ndi mu ubongo wa hatchi. Kenanso ndi VIP, kamene kanapezeka mu 1970 m'matumbo a nkhumba. Koyambako kamafinyitsa matumbo, kachiwiriko kamawamasula. Timankhwalati tili mwa munthu, mwa nsomba, mwa chule, ngakhale mwa nkhuku momwe.

Ndiye nkhuku ipulumuka bwanji? Chowawa cha mu tsabola, capsaicin, chimakakhudza kachipata kena ka pa minyewa yomva ululu kotchedwa TRPV1. Mwa munthu ndi khoswe kachipatako kamatseguka, minyewa n'kutulutsa substance P. Apo ndiye pakamwa pamayaka, m'mimba n'kuyamba kubwadamuka, ena mpaka kuthamangira kuseri. Mwa mbalame kachipatako kaliko, koma capsaicin sakatsegula. Zimameza bwinobwino, njere n'kukatuluka zamoyo kutchire. N'chifukwa chake tsabola amangomera yekha pansi pa mitengo.

Choncho yanikani pathandala, pamwamba muphimbe ndi ukonde. Musathire m'thumba asanaume gwa. Tengani kamodzi mupinde: kakathyoka kuti thyo, wauma, kakangopindika, bwezerani padzuwa. Wachinyezi amachita chuku m'njira, ndipo ogula a ku Chipata amapisa dzanja mpaka pansi pa thumba n'kununkhiza asanatchule mtengo. Posankha ndi popakira mangani nsalu kumphuno, ndipo ana asayandikire, inu si nkhuku.