Kodi hypnosis ingathandize m'mimba mopweteka kwa zaka? Yankho kwa mayi wa ku England

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Akuti akhala akuvutika ndi m'mimba kwa zaka zingapo: mimba imafufuma, imapota, lero kutsegula, mawa kudzimbidwa, moti asanakwere basi amayamba aganiza kaye za kumene angapeze chimbudzi. Madokotala anawayeza magazi, anawaunika m'matumbo, sanapeze chotupa kapena zilonda, ndipo anawauza kuti ali ndi matenda a m'matumbo otchedwa IBS (irritable bowel syndrome). Mankhwala ndi kusala zakudya zina zitalephera, dokotala wawo anatchula za hypnosis, njira imene wothandiza amagwiritsa ntchito mawu kuti munthu amasuke n'kuika maganizo onse pa chinthu chimodzi. Mafunso awo ndi awiri. Kodi dokotalayo akutanthauza kuti iwo akungonamizira kudwala? Nanga munthu wopemphera angalole bwanji kuti wina amugoneke n'kulowa m'maganizo mwake?

Mayi, ndiyambe ndi funso loyambalo chifukwa ndi limene lakuwawani kwambiri. Ululu wanu ndi weniweni, ndipo dokotala amene watchula hypnosis sakukutengani ngati wabodza. M'matumbo mwa munthu muli maselo a minyewa oposa 100 miliyoni, ndipo usana ndi usiku amatumizirana uthenga ndi ubongo. Pa IBS, kulumikizana kumeneku n'kumene kumasokonekera. Ofufuza anaonetsa zimenezi poika kachibaluni kakang'ono m'matumbo a anthu n'kumakapopa pang'onopang'ono: odwala IBS ambiri ankamva ululu kachibaluni kasanafike pa mlingo umene anthu ena amayamba kuumva. Choncho mpweya kapena chakudya chimene mnzanu wa kuntchito sachimva n'komwe chikamadutsa, kwa inu chimafika ngati mpeni. Ndiye ululuwo umabala nkhawa, nkhawa imachititsa ubongo kutchera khutu kwambiri ku mimba, ndipo zaka zikamapita thupi limazolowera kukhala tcheru choncho. Mwanjira ina tinganene kuti minyewa yanu inaphunzira kukuwa, ndipo chimene chinaphunziridwa chikhoza kuphunzitsidwanso mwatsopano.

Kale anthu ankakhulupirira kuti ubongo wa munthu wamkulu ndi wouma, sungasinthenso. Tsopano tikudziwa kuti umasintha mogwirizana ndi zimene munthu amachita mobwerezabwereza. Mu 2000, Eleanor Maguire ndi anzake anaunika ubongo wa oyendetsa matakisi a ku London, amene amatha zaka akuloweza misewu masauzande ambiri ya mzindawo, ndipo anapeza kuti mbali ina ya ubongo yosunga njira ndi malo inali yaikulu kuposa ya anthu ena. Koma kafukufuku amene ndikufuna mumugwiritsitse ndi wa mu 2004 wa ku Regensburg, m'dziko la Germany. Achinyamata anaphunzitsidwa kuponya timipira titatu m'mwamba n'kumatiwakha mosinthanitsa, ndipo patatha miyezi itatu mbali ya ubongo yoona zinthu zoyenda inali itakula. Atasiya masewerawo kwa miyezi ina itatu, kukulako kunayamba kubwerera m'mbuyo. Zili ngati zikhatho za mlimi, zimene zimalimba m'nyengo yolima n'kufewanso khasu likakhalitsa pa denga. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, pakuti hypnosis imene imathandiza odwala m'mimba ndi ntchito ya masabata ambiri imene wodwalayo amaigwira yekha, ndipo sichitika mwa tsiku limodzi.

Tibwere ku funso lachiwiri. Mantha anu ndikuwamvetsa, chifukwa ambirife tinaiona hypnosis koyamba pa wailesi ya kanema, munthu akudumpha ngati chule pamaso pa khamu loseka, ndipo kwathu chinthu chotere timachiika pamodzi ndi matsenga. Ngakhale ku Ulaya nkhaniyi inayamba ndi chikhulupiriro cha mphamvu zobisika. Franz Mesmer ankanena kuti amachiza ndi mphamvu yosaoneka yoyenda m'matupi, kufikira mu 1784 pamene Mfumu Louis XVI ya ku France inasankha akatswiri, kuphatikizapo Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti afufuze. Anaphimba anthu m'maso n'kupeza kuti odwala ankagwedezeka pokhapokha akaganiza kuti akuwachitira mwambowo, ndipo anagamula kuti mphamvu yoteroyo kulibe. Chimene chinkagwira ntchito chinali maganizo a wodwala mwiniyo. M'zaka za m'ma 1840, James Braid, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Manchester, anafotokoza kuti chinsinsi chake ndi kuika maganizo onse pa chinthu chimodzi, ndipo mu 1955 bungwe la madokotala la British Medical Association linavomereza kuti njirayi ili ndi malo pa ntchito zachipatala.

Pa hypnosis ya kuchipatala simugona tulo, simutaya nzeru, ndipo mumamva mawu onse amene akunenedwa. Mumakhala pa mpando wofewa mutavala zovala zanu zonse, wothandizayo amalankhula mofatsa kukuthandizani kupuma pang'onopang'ono ndi kumasula minofu, kenako amakupemphani kuika dzanja pamimba n'kuyerekeza kutentha kukuchoka m'chikhatho kulowa mkati, kapena kuona matumbo anu ngati mtsinje umene inuyo mukuuyendetsa mwabata. Mukafuna kuyetsemula muyetsemula, mukafuna kudzuka n'kutuluka palibe chokumangani. Za chikumbumtima chanu mwini wake ndinu, ndipo si kulakwa kukambirana ndi abusa anu, koma ine sindiona chilichonse chopembedza kapena choitana mizimu pa zimene ndafotokozazi. Ngati wina atayamba kukuuzani za miyoyo imene munakhalapo kale musanabadwe, ameneyo wachoka pa zachipatala, ndipo mumusiye.

Kuti mawu okha angafike pa ululu, Pierre Rainville ndi anzake anazionetsa ku Montreal mu 1997. Anthu anaviika dzanja m'madzi otentha madigiri 47 ali mu hypnosis, ndipo nthawi zina ankauzidwa kuti kutenthako n'kosautsa kwambiri, nthawi zina kuti sikukuwavutitsa. Madzi anali omwewo, koma mbali ya ubongo imene imayeza kusautsa kwa ululu inkakwera ndi kutsika motsatira mawuwo. Ku Liège, m'dziko la Belgium, madokotala akhala akuchita maopaleshoni ena a chithokomiro kuyambira m'ma 1990 pophatikiza hypnosis ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, wodwala ali maso.

Pa matenda anu enieniwo, umboni unachokera m'dziko limene mukukhalalo. Peter Whorwell wa ku Manchester anafalitsa mu 1984 zotsatira za odwala IBS 30 amene mankhwala anawakanika, ndipo amene analandira hypnosis yolunjika pa matumbo anapeza bwino kwambiri kuposa amene sanailandire. Mu 2015 chipatala chomwecho chinaunikanso odwala 1,000 ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali atapeza mpumulo woonekeratu. Chiwerengero chimenecho muchitenge mosamala, chifukwa panalibe gulu lofanizira nalo ndipo ndi cha akatswiri amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Mmodzi mwa anayi sanathandizike, komanso anthu amasiyana pa kulowa mu hypnosis mosavuta. Komabe bungwe la NICE, limene limapereka malangizo ku zipatala za ku England, linanena kuyambira 2008 kuti njirayi iganiziridwe kwa odwala amene atha miyezi 12 akumwa mankhwala popanda kusintha. Dokotala wanu watsatira malangizo amenewo. Ku Manchester kawirikawiri amakumana ndi wodwala ka 12 m'miyezi itatu, n'kumupatsa mawu ojambulidwa oti azimvera kunyumba tsiku ndi tsiku, ndipo m'kuona kwanga kumvera kwa kunyumbako n'kumene kumafanana kwambiri ndi kuponya timipira kuja. Popeza mumagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku, sankhiranitu nthawi imene simudzasokonezedwa, ngakhale ikhale mutangoweruka.

Chenjerani ndi otsatsa malonda pa Facebook amene amalonjeza kuti akonza ubongo wanu wonse pa kukumana kumodzi. Ku Britain lamulo silimaletsa munthu aliyense kudzitcha katswiri wa hypnosis, choncho pemphani dokotala wanu akulembereni kalata yopita kwa amene anaphunzira za matumbo. Pa nkhani yosiya fodya, umboni wa hypnosis ndi wofooka. Pa kukumba zimene munthu anaiwala ndi yoopsa ndithu, chifukwa imatha kupangitsa munthu kukumbukira motsimikiza zinthu zimene sizinachitike, ndipo mabanja ena anapasuka nazo. Amene amamva mawu kapena kuona zinthu zimene kulibe ayenera kuonana kaye ndi dokotala wa matenda a maganizo.

Chomaliza, musanayambe, muuze dokotala wanu ngati munakulira m'mbali mwa nyanja kapena mumasamba m'nyanja mukabwera kumudzi, chifukwa likodzo la m'matumbo ndi tizilombo tina tomwera m'madzi timapweteketsanso mimba kwa nthawi yaitali, ndipo dokotala wa ku England sangaziganizire msanga mukapanda kuzitchula. Mukaona magazi m'chimbudzi, mukayamba kuwonda popanda chifukwa, kapena ululu ukamakudzutsani usiku, mubwerere kuchipatala mwamsanga ngakhale mutakhala kuti mwayamba kale hypnosis. Zimenezi zikayezedwa n'kupezeka kuti palibe, landirani kalatayo, mupite, ndipo muipatse miyezi itatu yathunthu musanagamule ngati ikukuthandizani.