Pikapu yakale ikuyenda mwa njokaluzi: musayambe ndi ma shock

Achimwene, mwati pikapu yanu yakale ikumalowera uku ndi uku mukaithamangitsa, chiwongolero chili ndi mpata, ndipo kutsogolo kumagogoda pa mabampu. Mukufunsa ngati mugule ma shock ndi steering damper (kachitsulo konga shock kochepetsa kugwedera kwa chiwongolero). Ndalamazo zisungeni kaye. Damper imangobisa matenda, ndipo shock yatsopano siichiza chitsulo chodyeka.

Yambani galimoto ili pansi, matayala atawongoka, mpweya uli wofanana mbali zonse. Wina azigwedeza chiwongolero kumanja ndi kumanzere, inu mukusuzumira kunsi. Chiwongolero chikamayenda mamilimita oposa 30 matayala asanasunthe, china chake chatha. Londolani zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala, kuchokera pa shafiti ya chiwongolero, steering box, pitman arm, centre link, idler arm mpaka ma tie rod end. Pomwe chitsulo china chikusuntha chinzake chili duu, vuto lili pomwepo. Idler arm, mkono wogwirizira centre link mbali yomwe kulibe steering box, ndiyo ambiri amaiiwala, chonsecho mabushi ake akatha imadumpha m'mwamba ndi pansi, tayala la mbali imeneyo n'kumadziwongolera lokha.

Kenako kwezani kutsogolo, muike ma stand, osadalira jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Likagwedera, mnzanuyo aponde buleki. Kugwederako kukasiya, ndi wheel bearing. Kukapitirira, ndi ball joint kapena mabushi a control arm, mkono wolumikiza tayala ku chasisi.

Pa steering box m'pofunika kudekha. Pamwamba pake pali sikuluwu yokhala ndi nati yotsekera. Muikhudze pomaliza, zina zonse zitakonzedwa, matayala atawongoka, ndipo muzipotoza pang'ono kwambiri, osafika kota ya kuzungulira kumodzi, n'kuyesa. Mukaimanga mopyola, chiwongolero chimauma pakati, sichibwerera chokha mukamaliza kukhota, ndipo magiya am'kati amadyeka msanga. Pukutaninso chasisi pomwe bokosilo lamangidwa: pa magalimoto onyamula katundu pamachita ming'alu, mabawuti n'kukhwefuka.

Posintha tie rod end, werengani kuti yakale yazungulira kangati pochoka, yatsopano ilowe chimodzimodzi. Mabawuti a mabushi, a control arm ndi a shackle (zitsulo zopachikira masipuling'i akumbuyo ku chasisi) omwe, amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pansi. Mukawamanga ili m'malere, labala amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Kumbuyo yang'anani masipuling'i othyoka kapena ophwa, centre bolt (bawuti yapakati pa masipuling'i) ndi ma U-bolt (omangira masipuling'i ku ekiselo). Centre bolt ikaduka, ekiselo imasuntha ndipo galimoto imayenda cham'mbali ngati nkhanu. Ma U-bolt mukawamasula, gulani atsopano, ndipo muwamangenso pakatha maulendo angapo.

Za kukweza kutsogolo pomanga ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i kutsogolo), ife sitilimbikitsa. Ibwezereni pa msinkhu wolembedwa m'buku lake basi. Ikakwera kwambiri, control arm imakhalira kugunda labala woimitsa, galimoto imauma ngati ngolo, ndipo ma ball joint ndi ma CV joint (a pa mashafiti oyendetsa matayala akutsogolo) amatha msanga.

Ma shock abwere tsopano, ngati akudontha oyilo, matayala akudyeka mwa mabowomabowo, kapena galimoto ikumanjanja nthawi yaitali ikadutsa bampu. Sinthani awiriawiri, osati imodzi. Wheel alignment ikhale yomaliza penipeni, ndipo muwauze ayeze caster (kupendekekera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo) ndi camber (kupendekekera m'kati kapena kunja kwa tayala), osati toe (kuloza m'kati kapena kunja kwa matayala) yokha, chifukwa caster ikachepa pikapu imasocherabe ngakhale zitsulo zonse zili zatsopano.