Mayi wa lesitilanti ku Tete akufunsa: ndikongole kubanki kapena nditseke?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu ku Angónia, amene ali ndi kamalo kodyera ndi kogulitsirapo mowa m'katikati mwa mzinda wa Tete, kufupi ndi mlatho wakale. Anapempha kuti dzina lisatchulidwe. Mwachidule analemba motere:

"Ndinatsegula mu 2010. Masiku amenewo mipando inkaperewera, anthu ankadya ataimirira. Lero ndimaphika mpoto umodzi wa nsima koma kumatsala mikute. Madzulo bala imakhala ndi anthu anayi kapena asanu, ndipo awiri mwa iwo amamwa pangongole. Ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Mwana wanga akuti ndikongole kubanki, tiike makina oziziritsa m'nyumba ndi TV yaikulu yoonera mpira. Amuna anga akuti titseke tibwerere kwathu ku Ulongue. Inu mukuona bwanji?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo: ngongole ya kubanki musatenge, koma musafulumirenso kutseka. Ine sindinakhalepo mwini lesitilanti, koma kwa zaka zingapo ndinkalemba mabuku a ndalama pa malo odyera a azakhali anga mumzinda womwewo, ndiye fungo la vuto lanuli ndikulidziwa.

Choyamba muchotse mumtima maganizo oti mwina dzanja lanu lasiya kukoma. Anthu amene ankadya ataimirira aja anabwera ndi malasha. Kampani ya migodi ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, ndipo chaka chomwecho inzake ya Rio Tinto itagula kampani ya malasha ya Riversdale pa mtengo wa pafupifupi madola 4 biliyoni, mzinda wa Tete unadzaza ndi mainjiniya, madalaivala, omanga, ndi anyamata ofuna ntchito ochokera ku Beira, ku Maputo, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Ambiri analibe mabanja kumeneko, analibe mbaula, analibe nthawi yophika. Aliyense wokhala ndi mpoto ndi tebulo ankapeza ndalama. Eninyumba nawo anakweza lendi mpaka kumwamba. Kenaka mtengo wa malasha unagwa pa msika wa dziko lonse. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodi yake ija pa madola 50 miliyoni okha n'kuchoka. Tangoyerekezani kusiyana kwa manambala awiriwo, muona kukula kwa dzenje limene tonse tinagweramo. Ntchito yomanga itatha, makampani ang'onoang'ono amene ankadyera pa migodi anapakira. Vale nayo inadzagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Malasha akukumbidwabe, inde, koma mgodi womangidwa kale sufuna anthu ochuluka ngati mgodi womwe ukumangidwa, ndipo ambiri ogwira ntchito kumeneko amadyera konko.

Chachiwiri ndi mlatho. Ichi anthu ambiri sachiganizira. Kale galimoto iliyonse yochokera ku Cuchamano kapena ku Beira kupita ku Zóbuè, ku Calómuè kapena ku Cassacatiza inkayenera kudutsa pa mlatho wakale uja wa Samora Machel. Malole ankandandalika pamzere kudikira nthawi yawo yowoloka, dalaivala ndi womuthandiza n'kutsika kukafuna nsima ndi madzi ozizira. Mlatho wa Kassuende utatsegulidwa kumapeto kwa 2014, malole olemera anayamba kulambalala mzinda. Kwa anthu oyenda pansi zinali bwino, fumbi ndi phokoso zinachepa. Kwa inu ogulitsa chakudya, mtsinje wa makasitomala unapatutsidwa tsiku limodzi. Onjezerani kuti nyumba zatsopano, mahotela ndi masitolo ambiri zamangidwa kutsidya, ku Matundo ndi ku Chingodzi, motsatira msewu wa ku Moatize. Munthu wokhala kumeneko akaweruka, amakamwera pa baraka (kamalo kogulitsirapo mowa) ya pafupi ndi kwawo, osati kulipira txopela (takisi ya matayala atatu) usiku kuwoloka Zambezi.

Zina zija mukuzidziwa kuposa ine. Mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika za boma itaphulika, ndalama yathu ya metical inagwa mpaka dola imodzi inkagulidwa pafupifupi 80, pamene zaka ziwiri m'mbuyomo inali cha m'ma 30. Mu April 2020 mabala ndi mabaraka anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zionetsero za pambuyo pa chisankho cha October 2024 zinatsekanso zitseko masiku ambiri. Kuti mwapyola zonsezi muli chitsegulire, ndiye kuti ntchito mumaidziwa.

Tsopano za mwana wanu. Maganizo ake ndi achikondi, ndipo sakulakwa kuti kutentha kwa Tete kumathamangitsa anthu. Mu October ndi November, pamene kumadutsa madigiri 40, mpando wapulasitiki umawotcha ngati chiwaya. Koma makina oziziritsa aja amadya Credelec, magetsi olipiriratu aja, ngati njovu m'munda wa chimanga, ndipo mayunitsi mumalipira lero, kasitomala asanalowe. Chiwongoladzanja cha mabanki athu si chamasewera: mu 2023 mlingo umene mabanki amayambira powerengera ngongole unali pamwamba pa 20 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo wabizinesi yaing'ono amamuwonjezera pamenepo. Ngakhale watsikako, ukadali wolemera kwa munthu amene ali kale ndi lendi ya miyezi iwiri. Banki idzafuna chikole, ndipo ndikudziwa kuti chikolecho chidzakhala nyumba kapena malo anu a ku Ulongue. Pamenepo mudzakhala mwaika pachiswe ngakhale kobwerera kumene amuna anu akunena. Za TV, mpira umadzaza nyumba ndi anyamata khumi ndi asanu ogawana mabotolo atatu kwa maola awiri. Kumaoneka ngati malonda, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene ndikufuna muchite ndi chotopetsa koma sichifuna ndalama. Gulani makope awiri. Limodzi la kukhitchini, lina la ku bala. Kwa masiku 30 lembani chilichonse padera: makala, mafuta, ufa, tomato, mchere, sopo, malipiro a mtsikana wotsuka mbale, mbali iyi, makireti a 2M, Manica, Laurentina, Impala, zoziziritsa kukhosi, mayunitsi a firiji, mlonda wa usiku, mbali inayo. Ndalama ya M-Pesa ndi e-Mola ilembedwenso, chifukwa imeneyo ndi imene imasowa mosaoneka: imalowa mufoni imodzimodzi yomwe mumatumizira ndalama ya maliro kumudzi.

Ndikunena izi chifukwa ndinaziona ndi maso. Azakhali anga ankakhulupirira kuti bala ndi imene imawadyetsa, popeza madzulo ndi pamene ndalama zambiri zinkalowa m'kabati. Titalekanitsa makope, tinapeza kuti phindu la pa botolo la mowa ndi lochepa kwambiri, chifukwa mtengo wake aliyense amaudziwa ndipo baraka ya pakona imagulitsa motsika, ilibe lendi ngati yanu. Pa phindu lochepalo muchotsepo botolo losweka, botolo lopanda kanthu limene kasitomala wapita nalo, firiji yolira usiku wonse, ndi magetsi akathima mowa n'kufunda. Mbale ya nsima ya nyemba ndi masamba, imene azakhali ankaiona ngati yongothandizira, ndi imene inkalipira nyumba.

Ndiye panali buku la ngongole. Ndimalikumbukira bwino: kope la chikuto chofiira, masamba ake atada ndi mafuta, lomangidwa ndi mphira, likukhala pansi pa kabati pafupi ndi chotsegulira mabotolo. Munali maina a anthu aulemu wawo, ovala mataye, olonjeza kuti "malipiro akangolowa, mayi, ndikubwera." Ena ankabweradi. Koma wina akafika pa ngongole yaikulu, ankasiya kudutsa msewu wathu, n'kumakamwera kwina ndi ndalama m'manja. Tinkataya ndalama, tinkatayanso munthuyo. Tsiku limene tinawerengera buku lonse, azakhali anakhala chete nthawi yaitali, manja ali pachibwano, kenaka anati, "Ndiye kuti chaka chonsechi ndakhala ndikugwirira ntchito anthu awa." Ndalama ya m'bukumo inali yokwana lendi ya miyezi ingapo. Mwanena kuti mwa anthu asanu awiri amamwa pangongole. Mayi, mowa pangongole ulekeni lero lomwe. Lembani pakhoma, ndipo inuyo musakhale woyamba kuswa lamulolo chifukwa cha manyazi. Chakudya mungathe kukongoza anthu ochepa odziwika, koma ndi malire, ndipo njira yabwino ndi yotembenuza: alipiriretu kumayambiriro kwa mwezi nkhomaliro za mwezi wonse, inu muwachotsereko pang'ono.

Apa ndiye pali mtima wa yankho langa. Pakati pa mzinda pamazilala usiku, koma masana pali anthu. Maofesi a boma la chigawo ali komweko, mabanki, chipatala, masukulu, masitolo, ogulitsa mumsika. Anthu amenewa sapita ndi mtengo wa malasha. Alibe ndalama za mainjiniya a 2011, koma amamva njala tsiku lililonse nthawi ya 12 koloko, ndipo ambiri safuna kuyenda padzuwa limene lija. Muwatsatire. Pezani mnyamata wa njinga, zotengera chakudya zotsekeka bwino, ndi nambala ya WhatsApp imene anthu azitumizirapo maoda isanakwane 10 koloko. Mukatero mumaphika zimene zagulidwa kale, mikute ija imatha. Ndiwo zikhale zamitundu itatu basi patsiku, osati mndandanda wautali wofuna kuti firiji idzaze nyama yodikira munthu amene sabwera.

Ndipo muli ndi chuma chimene anzanu ambiri a mumzindamo alibe: ndinu wa ku Angónia. Mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi, tomato ndi chimanga zimene anthu a ku Tete amagula pamsika, zambiri zimatsika kuchokera kwathu ndi ku Tsangano, zitadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ataikapo yake. Inu muli ndi achimwene, alamu, adzukulu amene amalima zimenezi. Gwirizanani ndi mmodzi wokhulupirika azikutumizirani thumba pa chapa (minibasi) sabata iliyonse, muzimulipira nthawi yomweyo pafoni, osati mwachibale ayi, mwamalonda, kuti ubale usadzawonongeke. Nsima ya ufa woyera wokonola bwino, nyemba za kwathu, nkhwani wotendera: mumzindamo muli Achewa ndi Angoni ambiri ochokera ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amene amalakalaka chakudya chimenechi, ndipo akachipeza amauzana. Lachisanu ndi Loweruka muwonjezere za eni dera, nsomba ya pende yowotcha ya ku Cahora Bassa, nsomba youma ya chicoa, ndi mbuzi. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka dziko lonse, mpaka dzina lakuti Cabrito de Tete linalembetsedwa mwalamulo kuti litetezedwe. Mlendo wochokera ku Maputo akafika amafunsa imeneyo. Madzi a malambe ozizira bwino nawo amayenda masana kuposa mmene mungaganizire, ndipo phindu lake ndi lanu lonse.

Bala musaiphe, ingoichepetsani. Firiji imodzi, mitundu ya mowa imene imayendadi, kutseka msanga pakati pa sabata. Mowa uziperekeza mbuzi yowotcha, usakhale mwini nyumba.

Kwa eninyumba pitani nokha, musadikire kuti akutumizireni uthenga. Tengani kope lanu muwaonetse. Lendi zambiri za m'katikati mwa mzinda zinakwera nthawi ya malasha ndipo eni ake safuna kuvomereza kuti nthawiyo inapita, koma nawonso amaona zitseko zotsekedwa mumsewu womwewo, ndipo akudziwa kuti nyumba yopanda munthu silipira kanthu. Pemphani kuti atsitse, kapena mubweze chipinda chimodzi, kapena ngongole ya miyezi iwiriyo muilipire pang'onopang'ono. Chimene mwagwirizana chilembedwe papepala.

Za mapepala a boma ndingonena mwachidule. Alvará (laisensi ya malonda), NUIT (nambala ya msonkho) ndi makadi a zaumoyo a antchito anu zikhale zosatha ntchito, khitchini ikhale yaukhondo, chifukwa aboma oyendera malonda akabwera, chindapusa chimodzi chingathe kumeza phindu la mwezi. Pitaninso ku ofesi ya msonkho mukafunse ngati muli m'gulu loyenera, popeza pali ISPC, msonkho wopepukirako wa amalonda ang'onoang'ono, ndipo ena amalipira mopyola chifukwa analembetsa nthawi imene malonda anali aakulu. Wina aliyense akafuna ndalama kwa inu m'dzina la boma, pemphani risiti. Ngati mukufunadi kandalama kogulira zotengera chakudya ndi njinga, xitique ya amayi anzanu, chipereganyu chathu chija, ikukwanirani popanda chikole.

Amuna anu nawo musawaone ngati ofooka. Mwina atopa kukuonani mukubwera usiku miyendo itatupa, m'thumba mulibe kanthu. Muwauze kuti akupatseni miyezi itatu. Ikatha, khalani pansi nonse atatu ndi mwana wanu, makope awiri aja ali patebulo. Ngati khitchini payokha ikulipira lendi yatsopano, antchito ndi inu mwini, pitirizani. Ngati sikutero ngakhale mutasiya ngongole ndi kuchepetsa bala, gulitsani mafiriji ndi mipando zikadali ndi mtengo, mulipire antchito anu mokwanira, musamuke ndi mipoto yanu. Kosamukira sikuyenera kukhala ku Ulongue kokha; kutsidya ku Matundo kapena ku Moatize kuli anthu, ndipo ku Ulongue komweko nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata ndalama imayenda.

Masiku 30 akakwana, nditumizireni manambala a m'makope awiriwo, ngakhale powajambula ndi foni, tidzawerengere limodzi. Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wotsikira ku Tete, ndipo ndidzafika pa malo anu nthawi ya nkhomaliro. Mundisungire nyemba ndi nkhwani.