Funsani Oluka: Juzi yopindika m'mphepete ndi masitichi osamvera

FUNSO: Ndikulukira mwana wanga juzi yoti adzavale chiperoni chikayamba mu Juni. Ndikuluka mzere wa plain, mzere wa purl, koma m'mphepete monse mwapindika ngati tsamba la tiyi lofota. Ndalakwitsa pati? Mayi wa ku Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Simunalakwitse, mayi, kalukidwe kameneko ndi khalidwe lake. Tengani chomwe mwalukacho muchiyang'anitsitse poyera. Sitichi iliyonse ndi diso la ulusi: lili ndi mutu wokhota pamwamba, miyendo iwiri, ndi mapazi ogwirana ndi maso oyandikana nalo. Poluka plain mumakokera diso latsopano kwa inu kudzera m'diso lakale, mutu wa lakalelo n'kugwera kuseri, ndiye kumaso kwa nsalu mumangoona miyendo itapanga chilembo cha V. Purl ndi diso lomwelo, koma lotulukira kuseri, mutu n'kutsalira kwa inu. Popeza mumatembenuza nsalu pakutha pa mzere uliwonse, mitu yonse imaunjikana mbali imodzi, ndipo mbali ziwirizo sizikokana mofanana. N'chifukwa chake m'mbali mumapindikira kuseri, pansi ndi pamwamba n'kupindikira kumaso.

Za m'mbali musadandaule, mudzawongoka mukadzalumikiza kutsogolo ndi kumsana. Pansi ndiye pafunika ribu, kalukidwe kosinthanitsa plain ndi purl mumzere umodzi. Musamasule ayi: tolani masitichi m'mphepete mwa pansimo, muluke plain 2, purl 2 motsika, masentimita 3 kapena 4. Ngati thupi la juzi mwalukira singano za 4 mm, ribu mulukire za 3.25 mm kuti igwire bwino. Mu ribu mitu imagawikana mbali zonse ziwiri, motero kukokana kuja kumatha. Koma musayese kuwongola ndi simbi. Ulusi wa acrylic ukapsa umaphwatalala, subwereranso.

FUNSO: Ndinayamba ndi masitichi 60, pano alipo 63, ndipo mu ribu muli timabowo. Wowerenga wa ku Luchenza, Thyolo.

YANKHO: Pochoka pa plain kupita pa purl, ulusi uzidutsa pakati pa nsonga za singano ziwirizo. Mukaudutsitsa pamwamba pa singano umasanduka diso lachilendo lopanda lakale pansi pake, ndiye bowolo. Pena vuto limakhala poyambira mzere: mukakokera ulusi pamwamba pa singano, miyendo iwiri ya sitichi ya pansi imakwera n'kuoneka ngati masitichi awiri. Masulani mpaka pa bowo loyamba, ndipo muziwerenga pakatha mizere ingapo.

FUNSO: Sitichi imodzi yapulumuka pa singano n'kumasuka mizere 5 kutsika. Ndiyambirenso? Mtsikana wa ku Bvumbwe.

YANKHO: Ayi, achemwali. Diso lililonse limagwidwa ndi la pamwamba pake, choncho likapulumuka limamasula mndandanda wake wokhawo wotsika, oyandikana nawo sakhudzidwa. Choyamba kolani disolo ndi pini lisapitirire. Kenako, kumaso kwa nsalu kutayang'ana inu, lowetsani singano ya ngowe m'disomo kuchokera kutsogolo, kolani kaulusi kopingasa kapansi penipeni, kokerani kwa inu. Teroni kasanu, kamodzikamodzi, osadumpha kaulusi ngakhale kamodzi. Pobwezera pa singano ya kumanzere, mwendo wa kumanja wa disolo ukhale kutsogolo, apo ayi sitichiyo ituluka yopotoka.